Musanagule rauta ya Wi-Fi 6, yambani mwaona kaye laputopu yanu

Anthu ambiri akangomva zoti Wi-Fi 6 ndi yothamanga amathamangira kukagula rauta, kufika kunyumba n'kupeza laputopu ikukwawabe ngati kale, pena netiweki yatsopanoyo siikuoneka n'komwe, ndalama zapita. Wi-Fi imadalira mbali ziwiri, rauta ndi adaputa yomwe ili mkati mwa foni kapena laputopu yanuyo, ndipo ziwirizi zikakumana zimayendera liwiro la chomwe chili chakale.

Mayina a mitundu ya Wi-Fi asakusokonezeni. 802.11n ndi Wi-Fi 4 yomwe inabwera mu 2009, 802.11ac ndi Wi-Fi 5 ndipo imayenda pa 5GHz (2.4GHz ndi 5GHz ndi mafunde awiri omwe Wi-Fi imayendapo, 5GHz ndiyo yothamanga), pomwe 802.11ax ndiye Wi-Fi 6yo. Rauta yatsopano imalandira zonse zakalezi bwinobwino, kungoti siingazisandutse zatsopano.

Nde poyamba onani adaputa yanu. Pa Windows tsegulani Command Prompt mulembe netsh wlan show drivers, kenako mufufuze mzere wolembedwa Radio types supported. Mukaona 802.11ax pamenepo muli bho. Mukaona ac zilinso bwino ndithu, kusintha mukuona. Koma ngati pali 802.11b, g ndi n basi, popanda 802.11a, dziwani kuti adaputayo imangomva 2.4GHz ndipo 5GHz siidzaiona ngakhale mutakhala pafupi ndi rauta mpaka kuikhudza.

Pali vuto lina lomwe limapweteketsa anthu mutu kwambiri. Ma adaputa ena akale a Intel, monga Wireless-AC 7260 ndi 3160, akakhala ndi driver (pulogalamu yoyendetsa adaputayo) yakale saona netiweki ya Wi-Fi 6 ngakhale pang'ono, foni ikulumikiza bwinobwino koma pa laputopu dzina lake mulibe, nde munthu umayamba kuganiza kuti akugulitsa rauta yakufa. Musabweze. Ikani driver yatsopano kuchokera ku Intel, ndipo muchitiretu izi rauta yakale isanachotsedwe, intaneti ikadalipo. Mukaiwala, lumikizani laputopu ndi waya kapena hotspot ya pafoni.

Ngati adaputayo ndi yakale zedi, gulani ya USB, ija imaoneka ngati flash, muone kuti pabokosi alemba dual band (kutanthauza kuti imamva 2.4GHz ndi 5GHz) komanso AC kapena AX, muibaye pa USB ya buluu ngati ilipo poti ndi yothamanga. Malaputopu ena amalola kusintha kakhadi ka mkati n'kuikamo ka Wi-Fi 6 monga Intel AX200, koma ena kanamatiriridwa pa bodi, apa ine ndingati pitani nayo kwa wokonza aitsegule aone musanagule.

Potchera rauta yatsopano ipatseni dzina ndi pasiwedi zomwe zinali pa yakale, mafoni onse a m'nyumba angolumikiza okha osavutikanso kulemba mmodzimmodzi. Pa security, posankha mtundu wa chitetezo cha netiweki, sankhani WPA2/WPA3 osati WPA3 yokha, apo ayi printa ndi TV zakale zikana. Ndipo 2.4GHz musaizimitse chonde, nyumba zathu zanjerwazi 5GHz imafooka ikangodutsa makoma awiri, kuchipinda ndi kukhonde imene imakupulumutsani ndi 2.4 yomweyo. Rautayo ikhale pamwamba, chapakati pa nyumba, osati kuseri kwa TV.

Chinanso, rauta siiwonjezera liwiro lomwe likulowa m'nyumba. Ngati intaneti yanu ndi ya simu khadi ya Airtel kapena TNM ndipo netiweki kwanuko ndi yofooka, Wi-Fi 6 siingakonze zimenezo, phindu lake limaoneka pamene zipangizo zachuluka kapena laini yake ndi yamphamvu kale ngati fiber kapena Starlink. Komanso marauta ambiri a Wi-Fi 6 alibe polowetsa simu khadi, nde rauta yanu yakale ya 4G yolowa simu khadi musaigulitse, tengani waya kuchokera pa bowo lake lolembedwa LAN mubaye pa bowo lolembedwa WAN la yatsopanoyo, kenako muzimitse Wi-Fi ya yakaleyo kuti ziwirizi zisamalimbane.