Si aliyense amene nsinjiro imamuyanja

Anzanga amene mumaphika pa maukwati, pa maliro ngakhale ku sukulu za mkaka, tiyeni tizifunsa kaye tisanagawe chakudya. Pali anthu ena thupi lawo limadana ndi mtedza, ndiye ndiwo zotendera, futali, chiponde, phala lothira nsinjiro, zonsezi kwa iwo ndi ngozi, enanso ndi mazira, mkaka kapena nsomba, ndipo kangachepe kokha nkokwanira, ngakhale supuni yomwe mwapakulira nkhwani wotendera mukaiviika mu nyemba basi vuto layamba. Mphika uliwonse ukhale ndi supuni yake chonde.

Mwana akati "ine sindidya izi" osamukakamiza ati akunyada, mwina amake anamuletsa. Inunso makolo auzeni aphunzitsi ndi aneba, palibe chamanyazi apa.

Mukaona zidzolo zoyabwa, milomo kapena zikope zikutupa atangodya, msiyitseni kudyako. Koma akayamba kubanika, mawu kusasa kapena kufooka ngati akomoka, musataye nthawi ndi Piriton kapena kumumwetsa mkaka, thamangirani naye kuchipatala pompo, kumeneko amabaya jakisoni wa adrenaline. Asayende wapansi, mupezereni galimoto, ndipo mukafika nenani msanga chomwe wadya.