Momwe mungalembere asayimenti ya kukoleji ya uphunzitsi wa pulayimale

Munthu amene akuphunzira uphunzitsi wa pulayimale amalemba zinthu zambiri asanapatsidwe kalasi yakeyake. Pali chimangirizo chofotokoza momwe ana amaphunzirira, pali chikonzekero cha phunziro, pali lipoti la zimene waona m'kalasi ya mphunzitsi wina, komanso nkhani yodziunika akamaliza kuphunzitsa moyeserera. Ntchito zimenezi zimasiyana kalembedwe, koma wochonga amafufuzamo chinthu chimodzi: kodi wolembayu akumuona mwana amene adzamuphunzitse, kapena akungobwereza zimene anawerenga m'mabuku? Maasayimenti ambiri amakhala odzaza ndi mayina a akatswiri ndi mawu akuluakulu, koma mukawawerenga mpaka kumapeto simupezamo mwana ngakhale mmodzi. Ndondomeko ili m'munsiyi cholinga chake ndi kukuthandizani kuti mwanayo aoneke m'zolemba zanu.

Yambani ndi funso lenilenilo

Pepala la funso likafika m'manja mwanu, musathamangire kulaibulale. Liwerengeni modekha muli ndi cholembera, ndipo mudule mzere kunsi kwa mneni amene akukuuzani chochita. Funso lakuti "fotokozani" likufuna kuti mumveketse bwino nkhaniyo. Lakuti "yerekezani" likufuna zinthu ziwiri ziikidwe pamodzi kuti zioneke pomwe zikufanana ndi pomwe zikusiyana. Lakuti "unikani" likufuna kuti inuyo muweruze, munene mbali imene mwaima ndi zifukwa zake. Aphunzitsi ambiri a kukoleji amasankha aneni amenewa motsatira makwerero a kaganizidwe amene Benjamin Bloom ndi anzake anasindikiza mu 1956, omwe anakonzedwanso mu 2001 ndi gulu lotsogozedwa ndi Lorin Anderson ndi David Krathwohl. Makwererowo amayambira pa kukumbukira, kenako kumvetsa, kugwiritsa ntchito, kusanthula, kuunika, mpaka kufika popanga chinthu chatsopano. Wophunzira amene wauzidwa kuti aunike, iye n'kungondandalika zimene akukumbukira, wayankha funso limene silinafunsidwe, ndipo ngakhale atadzaza masamba khumi, wochonga alibe pomupatsira malikisi apamwamba.

Ngati mwapatsidwa pepala losonyeza momwe malikisi agawidwire, liikeni pafupi nthawi yonse imene mukulemba. Gawo limene lili ndi malikisi ambiri ndilo liyenera kutenga malo aakulu m'zolemba zanu. Onaninso chiwerengero cha mawu ofunika ndi tsiku lomaliza loperekera, ndipo pamene simunamvetse funsani mphunzitsi wanu sabata yomweyo, chifukwa funso lofunsidwa usiku woti mawa mukupereka silikuthandizaninso.

Sankhani mwana mmodzi ndi vuto limodzi

Apa ndi pamene asayimenti imakomera kapena kuonongekera. Mitu ya kukoleji imabwera yotambalala, monga "kufunika kwa zipangizo zophunzitsira masamu" kapena "momwe mphunzitsi angathandizire ana amene akutsalira m'mbuyo." Amene akufuna kulemba za ana onse, makalasi onse ndi maphunziro onse amathera kunena zimene aliyense amazidziwa kale, zoti zipangizo zimathandiza ana kumvetsa ndiponso kuti mphunzitsi ayenera kukhala woleza mtima. Mawu amenewa ndi oona, koma sasonyeza kuti mwaganizapo.

Chepetsani mutuwo mpaka utsale pa msinkhu umodzi wa ana, phunziro limodzi ndi vuto limodzi looneka ndi maso. Mwachitsanzo, taganizirani mwana wa zaka 7 amene wapatsidwa samu ya 52 kuchotsera 37, iye n'kulemba 25. Mphunzitsi wothamanga amangoika chizindikiro choti walakwa ndi kupitirira. Amene waphunzitsidwa kuyang'anitsitsa amaona kuti mwanayu sanalembe mwachisawawa. Mumzere wa maumodzi waona 2 pamwamba ndi 7 pansi, ndipo poti anauzidwapo kuti nambala yaikulu singachotsedwe m'yaing'ono, watembenuza n'kuchotsa 2 mu 7, wapeza 5. Mumzere wa makumi wachotsa 3 mu 5, wapeza 2. Motero 25 yabwera m'malo mwa 15. Mwanayu ali ndi lamulo lake limene akulitsatira mokhulupirika, ndipo adzalakwitsa chimodzimodzi samu iliyonse yofuna kubwereka mpaka wina atamuonetsa kuti 5 ya mu 52 ikuimira makumi asanu amene khumi limodzi lingathe kumasulidwa.

Chitsanzo chimodzi chotere chikhoza kunyamula asayimenti yonse. Lee Shulman, katswiri wa maphunziro wa ku America, ananena mu 1986 kuti mphunzitsi amafunika nzeru yapadera yoposa kungodziwa phunziro lake, nzeru yodziwa pamene ophunzira amapunthwira pa mutu wakutiwakuti ndi njira yoperekera mutuwo kuti umveke. Nzeru imeneyi ndiyo imene koleji ikufuna kuona ikuphuka mwa inu.

Werengani muli ndi vutolo m'maganizo

Tsopano mukhoza kupita kumabuku, ndipo mudzapeza kuti kuwerenga kwapepuka chifukwa mukudziwa chimene mukufuna. Jean Piaget, katswiri wa ku Switzerland, anafotokoza kuti ana a zaka za pakati pa 7 ndi 11 amaganiza mwadongosolo makamaka pa zinthu zimene akuziona ndi kuzigwira. Jerome Bruner wa ku America ananena kuti chinthu chimamveka m'njira zitatu: pochichita ndi manja, pochiona pa chithunzi, ndiponso pochilemba ndi zizindikiro monga manambala. Lev Vygotsky, amene anamwalira mu 1934 ali ndi zaka 37 zokha, anatsindika za mpata umene ulipo pakati pa zimene mwana angachite yekha ndi zimene angachite mothandizidwa ndi wamkulu kapena mnzake wodziwa, ndipo anati kuphunzitsa kwabwino kumachitikira mumpata umenewo.

Simukufunika akatswiri onse amene munawamva m'kalasi. Awiri amene akukhudzadi vuto lanu aposa asanu ndi awiri ongotchulidwa mayina. Powerenga, lembani m'kope mfundoyo m'mawu anu, ndipo pambali pake mulembe nthawi yomweyo dzina la wolemba, chaka ndi tsamba. Ntchito yaing'ono imeneyi imapulumutsa maola ambiri ofufuzanso buku limene munalibweza kale.

Lembani ndime zimene zikugwira ntchito

Musanayambe kulemba, ikani pa pepala chiganizo chimodzi chonena yankho lanu pa funsolo, kenako mfundo zitatu kapena zinayi zolichirikiza. Chiyambi chikhale chachifupi: chinene mutu, msinkhu wa ana ndi mbali imene mwaima. Ambiri amataya tsamba lathunthu kutanthauzira mawu akuti "maphunziro" kapena "mwana," pamene wochonga akudikira kumva maganizo awo.

Ndime iliyonse ya m'kati inyamule mfundo imodzi, umboni wake kuchokera m'zimene mwawerenga, ndiponso chimene mfundoyo ikutanthauza m'kalasi. Gawo lachitatuli ndilo limasowa kawirikawiri. Ndime yofooka imati Bruner anapeza njira zitatu zophunzirira, n'kuzitchula, n'kuthera pomwepo. Ndime yamphamvu imapitirira kunena kuti, potsatira Bruner, mwana uja wolemba 25 apatsidwe mitolo isanu ya timitengo khumikhumi ndi timitengo tiwiri tapadera, auzidwe kuchotsa 37. Iye adzaona yekha kuti tiwiri sitikukwanira kuchotsamo 7, adzamasula mtolo umodzi n'kukhala ndi timitengo 12 ndi mitolo inayi, adzachotsa 7 kutsala 5, adzachotsa mitolo itatu kutsala umodzi, ndipo 15 idzakhala m'manja mwake. Akatero ajambule zimene wachita, ndipo pomaliza pake alembe samuyo ndi manambala. Wochonga akawerenga ndime yotere sakayikanso kuti mfundo ya katswiriyo mwaimvetsa.

Pamene funso likuti muunike, musaope kunena pomwe mfundo ya katswiri ikuperewera. Ofufuza amene anabwera pambuyo pa Piaget anaonetsa kuti ana aang'ono amatha zinthu zina msanga kuposa momwe iye ankaganizira, makamaka funso likafunsidwa m'njira imene akuizolowera. Kunena zimenezi mwaulemu ndi mwaumboni ndiko kuunika kumene akukufunsani. Chenjeraninso ndi mawu ogwidwa ochuluka: ndime yodzaza ndi zonena za anthu ena ili ngati njerwa zosanjikizidwa popanda dothi lozigwirizanitsa, ndipo dothilo ndi maganizo anu.

Ngati ndi chikonzekero cha phunziro

Yambirani kumapeto: kodi phunziro likatha ana adzatha kuchita chiyani chimene sankatha? Lembani zimenezi ndi aneni ooneka, monga kutchula, kulemba, kusanja, kujambula kapena kuwerengera. Mawu akuti "ana adziwe kuchotsera" sangayesedwe, pamene akuti "ana achotsere manambala a makumi ndi maumodzi mobwereka pogwiritsa ntchito mitolo" mukhoza kuwaona akukwaniritsidwa pamaso panu. Mukatero sankhani ntchito zimene ana adzachite, zipangizo, ndi njira yodziwira ngati amva phunziro lisanathe.

Gawani mphindi moona mtima. Kugawa zipangizo, kuika ana m'magulu ndi kuwakhazika chete zimadya nthawi, ndipo chikonzekero chosawerengera zimenezi chimagwira ntchito pa pepala pokha. Lembani mafunso enieni amene mudzafunse, ndipo musiye mpata woti ana aganize. Mary Budd Rowe, pofufuza m'makalasi a sayansi chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, anapeza kuti aphunzitsi ankadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha akafunsa funso, ndipo kuti akadikira masekondi atatu kapena kuposa, mayankho a ana ankatalika ndiponso ana ambiri ankayankha nawo. Musaiwale kulemba chimene mudzachitire mwana amene wamaliza msanga, amene watsalira, ndi amene saona kapena kumva bwino.

Ngati ndi nkhani yodziunika

Ambiri amailemba ngati nkhani ya ulendo: ndinalowa, ndinapereka moni, ndinaphunzitsa, ana anasangalala. Kufotokoza zimene zinachitika ndi poyambira chabe. Graham Gibbs mu 1988 anapereka ndondomeko ya magawo asanu ndi limodzi imene makoleji ambiri amagwiritsa ntchito: zimene zinachitika, momwe munamvera mumtima, zimene zinayenda ndi zimene sizinayende, chifukwa chake zinatero, zimene mwaphunzirapo, ndi zimene mudzachite ulendo wotsatira. Malikisi ambiri amakhala pa "chifukwa chake" ndi pa "ulendo wotsatira," choncho magawo oyambirirawo afupikitseni.

Sankhani mphindi imodzi ya phunziro, makamaka imene zinthu sizinayende momwe munakonzera, ndipo muisanthule mozama. Kuvomereza kuti theka la kalasi silinamve sikukuchotserani malikisi ngati mwaonetsa kuti mukudziwa chinachititsa. Pa ntchito yotere, komanso pa lipoti la zimene mwaona m'kalasi, musalembe mayina enieni a ana, a mphunzitsi kapena zinthu zimene zingawazindikiritse. Nenani kuti "Mwana A" kapena perekani dzina longopeka, ndipo musaike zithunzi za ana popanda chilolezo. Siyanitsaninso zimene munaona ndi zimene mukuganiza: "anayang'ana pawindo kwa mphindi zitatu" ndi zimene munaona, pamene "ndi waulesi" ndi chiweruzo chimene mulibe nacho umboni.

Tchulani eni ake a mfundo

Mfundo iliyonse imene mwatenga kwa wina, kaya mwaigwira mawu ndi mawu kapena mwainena m'mawu anu, iyenera kusonyeza mwini wake. Makoleji ambiri a uphunzitsi amatsatira kalembedwe ka APA (bungwe la American Psychological Association), komwe m'kati mwa nkhani mumalemba dzina la bambo la wolemba ndi chaka, kuonjezapo tsamba ngati mwagwira mawu ake enieni, ndipo kumapeto mumandandalika mabuku onse motsatira alifabeti. Funsani kalembedwe kamene koleji yanu ikufuna ndipo mukatsatire kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Kukopera ntchito ya mnzanu kapena ya pa intaneti ndi kubera, ndipo kwa munthu amene mawa adzaletsa ana kuonera mayeso, nkhaniyi ndi yaikulu kuposa malikisi. Mapulogalamu a kompyuta olemba okha nkhani nawonso amatha kupeka mayina a mabuku amene kulibe, choncho musatchule buku limene simunalitsegule nokha, ndipo tsatirani malamulo a koleji yanu pa kagwiritsidwe ntchito ka mapulogalamuwo.

Konzani musanapereke

Mukamaliza kulemba, siyani ntchitoyo igone tsiku limodzi. Mukaibwerera, iwerengeni mokweza mawu, chifukwa khutu limagwira ziganizo zopotoka zimene diso lazidumpha. Pa ndime iliyonse dzifunseni ngati mukuonekamo mwana, mphunzitsi kapena kalasi. Ndime imene mulibe chilichonse mwa izi, ionjezereni chitsanzo kapena ichotseni. Kenako bwererani ku funso lija ndi pepala la kagawidwe ka malikisi, muone ngati gawo lililonse layankhidwa. Kalembedwe ka mawu ndi zizindikiro za m'kalembedwe muziyang'ane komalizira, koma mosamala, poti mudzakhala munthu amene ana adzakopera zolemba zake pabolodi.

Sungani kope lanu la asayimentiyo musanapereke. Ikabwera yochongedwa, werengani ndemanga zonse za mphunzitsi, lembani m'kope vuto limene labwerezedwa kwambiri, ndipo mutsegule tsamba limenelo tsiku limene mudzalandire funso la asayimenti yotsatira.