Musaitaye TV yakale ija, kaimvereni kaye ikudandaula chani

Ma TV akale aja a chimbuyo chachikulu anthu akungowataya kuno ku Mzuzu, ena ali pansi pa bedi, ena mu sitolo ya chimanga, chifukwa aliyense akufuna flati. Ine ndimatola. Kwathu ku Chibavi ndili nawo asanu, Sharp iwiri, Samsung, LG ndi ka Sony kamodzi komwe ndimakakonda kwambiri, ndipo Loweruka masana ndimakhala pa khonde ndi mita yoyezera magetsi ndi soldering iron yowotcherera. Ambiri mwa ma TV amenewa sanafe ayi, amangofuna munthu woleza mtima, mukaikonza n'kulumikiza dikoda ndi mawaya atatu aja, wachikasu woyera ndi wofiira, ana akuonera bwinobwino.

Koma tisanapite patali, nkhani ya magetsi. Chubu, galasi lalikulu lija loonetsa chithunzi, chimagwira ntchito ndi mavoti oposa 20,000 ndipo chimasunga moto ngakhale mwazula pulagi dzulo. Mukatsegula kumbuyo muona waya wonenepa wofiira wopita pa ka labala kozungulira komwe kamamatira pa galasi, pamenepo ndi pomwe pali ngozi. Zulani pulagi kaye. Tengani sikuludiraiva ya fulati ya chogwirira cha pulasitiki, mangani waya pa chitsulo chake, mbali inayo muimange pa waya wosakutidwa uja wodutsa pamsana pa chubu wokokedwa ndi sipuling'i, osati pa bolodi. Dzanja limodzi m'thumba, lowetsani sikuludiraiva pansi pa labalayo mpaka igunde chitsulo chamkati, nthawi zina mumva kuti thwa. Dikirani mphindi zingapo mubwerezenso chifukwa moto umatha kubwerera. Chinanso ndi kapasita yayikulu ya pafupi ndi fyuzi, yolembedwa 400V kapena 450V, imasunga mavoti pafupifupi 300 ndipo yomwe inandimenyapo ine ndi imeneyi, chala chinachita dzanzi tsiku lonse. Imeneyo ndimaikhuthula pogunditsa mawaya a babu pa miyendo yake, babu n'kuthwanima kamodzi. Valani nsapato, musakhale pa simenti yonyowa, ana akhale kutali. Ndipo khosi la chubu ndi galasi lopyapyala, mukaligunda n'kumva mpweya kuti fyuu, basi TV yatha.

Tsopano musathamangire kugula zida. Yambani ndi maso, mphuno ndi makutu. Chotsani fumbi ndi bulashi youma, muona zodabwitsa, mphemvu, ndowe za makoswe, ine ndinapezapo nalimata atauma pakati pa miyendo ya thiranzisita. Onani makapasita ang'onoang'ono aja ngati ena atupa pamwamba kapena akutuluka zonyowa pansi. Tembenuzani bolodi muone powotcherera, makamaka pa miyendo ya flyback (thiransifoma komwe kumachokera waya wonenepa wofiira uja), ya IC ya vertical (kachipangizo ka miyendo yambiri kotambasula chithunzi m'mwamba ndi pansi), pa soketi ya yoke (makoyilo a waya ozungulira khosi la chubu) ndi pa ka bolodi ka pakhosi. Mukaona ka mng'alu kozungulira mwendo ngati mphete, ndi dry joint imeneyo, iwotchereninso. Kunena zoona ma TV ambiri omwe ndadzutsa anadzuka ndi zimenezi basi, maka aja oti mwini wake amati "imayaka ukaimenya mbama".

Ikakhala kuti yangoti zii, ngakhale ka nyali kofiira osayaka, yezani chingwe ndi switch, kenako fyuzi. Fyuzi ikakhala yakuda mkati ndiye kuti pali shoti, chonde osamangapo waya kapena pepala la ndudu. Yezani madayodi anayi a pafupi pomwepo, thiranzisita kapena IC ya pawa, ndi ka bokosi kakuda ka posistor, komwe kamathandiza kuchotsa maginito pa chubu TV ikamayaka. Poyatsa koyamba ndimaika babu la 100 watts m'malo mwa fyuzi, likawala kamodzi n'kuzilala zili bwino, likangowalabe mwamphamvu shoti ikadalipo ndipo mwapulumutsa zida zanu zatsopano. Liyenera kukhala babu lakale la kawaya mkati, ma LED sathandiza, ndiye mukalipeza ku msika wa Taifa kapena kwa agogo lisungeni ngati dzira.

Pomwe ndikufuna mumvetsetse ndi apa. TV ikamalira kuti tiki tiki tiki koma osayaka, kawirikawiri thiranzisita ya horizontal, yoyendetsa flyback, yapsa, ija yomangidwa pa chitsulo pafupi ndi flyback, monga D1555 kapena D2499. Anthu ambiri amangosintha, kuyatsa, pha yapsanso, ndalama zapita. Thiranzisita imeneyi siipsa yokha, pali chimene chaipha. Ichotseni kaye, ikani babu la 60 watts pa laini ya B+, yomwe imatenga moto kuchokera ku pawa kupita ku flyback, n'kuyeza. Pa TV ya mainchesi 14 kapena 21 mupeza mavoti cha m'ma 110 mpaka 115, zazikulu zimafika cha m'ma 130 kapena 140, nthawi zambiri nambala yake imalembedwa pa bolodi. Ikakwera kupitirira pamenepo sinthani makapasita ang'ono a mbali ya pawa ngakhale akuoneka abwino. Ikakhala bwino onani kapasita ya mavoti 1,600 kapena 2,000 yoyandikana ndi thiranzisitayo, wotchereraninso miyendo ya ka thiransifoma kakang'ono koyendetsa thiranzisitayo, kenako muyang'anitsitse flyback ngati yatupa kapena yang'aluka. Mukamayeza TV ili pamoto, dzanja limodzi lokha, ndipo ngati mukuyamba kumene khalani ndi munthu wodziwa pafupi.

Chithunzi nachonso chimanena matenda. Mzere umodzi wowala wogona pakati pa sikirini ndi vertical, IC monga LA7840 kapena LA78040, kapena ka rezisita komwe kamaipatsa moto kaduka, ndipo musaisiye ikuyaka choncho mzerewo umatentha galasi n'kusiya chipsera. Mzere woimirira, onani soketi ya yoke. Mawu akumveka koma mdima, suzumirani pakhosi pa chubu m'chipinda chamdima, payenera kuoneka kamoto ngati khala, ngati palibe ndiye vuto lili pa hita ya mavoti 6.3 yomwe imatulutsa kamotoko. Sikirini yoyera mbuu ndi timizere topendekeka, onani kapasita ya laini ya mavoti 180 kapena bwezani pang'ono ka nobu kolembedwa screen pa flyback, koma lembani kaye ndi maka pomwe kanali. Zigamba za mitundu m'makona, funsani kaye ngati anaika sipika pafupi, apo ayi posistor.

Ndiye pali vuto lathu la kuno, chinyontho. Mvula ya ku Mzuzu mukuidziwa, imafika mpaka Epulo kapena Meyi, kenako nkhungu ya Juni ndi Julayi, TV yomwe yakhala chaka m'chipinda chosatsegula mukaiyatsa mumva kuti tsss ndi fungo lachilendo, mumdima muona timoto tabuluu pa labala paja. Ithimitseni msanga. Itsegulani, iumitseni padzuwa tsiku lonse koma sikirini isayang'ane dzuwa, khuthulani moto, chotsani labalayo mupukute ndi sipiriti pamodzi ndi galasi lozungulira bowo, kukauma bwezerani. Ka Sony kanga kaja ndinakapeza ku Luwinga mwini wake atauzidwa kuti chubu chafa, kanali chinyontho ndi soketi ya pakhosi yomwe inachita dzimbiri lobiriwira pa phini ya focus (yothandiza kuti chithunzi chioneke bwino), n'chifukwa chake chithunzi chimayamba chosaoneka bwino m'mawa n'kumayera pakapita mphindi makumi awiri. Ndinasintha soketiyo ndi ya pa bolodi ina yakufa, mpaka lero kakuonetsa. Mabolodi akufa musamataye, flyback zatsopano zikusowa masiku ano, ine ndimasunga m'katoni pamwamba pa wadirobu ndipo pa iliyonse ndimalemba TV yomwe inachokera.