Dothi lokayezetsa musalinyamulire m'thumba la feteleza

Chaka chino alimi a kachewere ndi chimanga ku Bembeke ndi ku Tsangano ayamba kutenga dothi la m'minda yawo kuti likayezedwe. Vuto ndi chonyamuliramo. Dothi lambiri likubwera m'matumba a Urea ndi a NPK, ndipo ukapisa dzanja pakona pa thumba ukupeza timibulu ta feteleza titakanirira mu ulusi.

Ku labotale, kaya ku Chitedze kaya ku Bunda, sayeza dothi lonse limene mwatumiza. Amaliumitsa, kuliphwanya, kulisefa, kenako n'kutapapo magalamu ochepa chabe. Tsono Urea ali ndi nayitirojeni 46 pa 100 iliyonse, pamene dothi la m'munda wa chimanga silifika ngakhale 1 pa 100. NPK wa 23:10:5 nayenso ali ndi fosiforasi, potaziyamu, salifa ndi zinki. Timibulu tiwiri titatu tikaphwanyikira m'dothilo, zotsatira zimabwera zonena kuti munda wanu ndi wachonde. Oyezawo sananame, awerenga zimene mwawapatsa.

Mlimi amakhulupirira pepalalo n'kuchepetsa feteleza wokulitsa. Pofika mu Januwale chimanga chapinimbira, masamba a m'munsi afiirira m'mphepete, chizindikiro cha kusowa fosiforasi, ndipo nthawi yokonza yadutsa kale chifukwa fosiforasi amafunika pobzala, mizu ikamayamba. Ndalama yoyezetsera yapita, ya thiransipoti yapita, zokolola zachepa, kenako mlimi yemweyo azikauza anzake ku kalabu kuti zoyeza dothizi n'zabodza.

Kwathu kuno thumba la feteleza ndi chilichonse: chimanga momwemo, makala momwemo, pamaliro n'kukhalira lomwelo. Chabwino, koma dothi lokayezetsa ayi. Takhala tikunena zimenezi pamisonkhano mpaka mawu kusasa.

Bambo wina ku Bembeke nditamufunsa anandiyankha kuti, “Alangizi, thumbali ndinalikung'untha bwinobwino, mufuna ndigulenso lina chifukwa cha dothi?” Ndinalitembenuza iye akuona, fumbi loyera n'kuthothoka. Pofotokoza anaululanso kuti dothilo analikumba malo amodzi, pamene anatenthera mapesi, poti ndi pofewa. Phulusa limachepetsa asidi m'dothi, pamene minda yambiri ya kumtunda kuno ili ndi asidi wochuluka. Muyeso wa pH, umene umatsika asidi akachuluka, ukafika pansi pa 5.5 fosiforasi amagwidwa m'dothi, mbewu sizimupeza, ndipo pamafunika laimu. Dothi la paphulusa likanabisa zonsezo.

Katengedwe kake mukukadziwa. Yendani mokhotakhota m'munda, kumbani malo 10 kapena 15, kuya masentimita 20, kupewa chulu, pamene panali khola, paphulusa ndi m'mbali mwa njira. Sakanizani m'ndowa ya pulasitiki yotsuka, osati ya malata chifukwa imawonjezera zinki. Yanikani pamthunzi, tapani theka la kilogalamu, ikani mu jumbo yatsopano. Kapepala ka dzina, mudzi ndi mbewu imene munalima chaka chatha kalembedwe ndi pensulo, kakhale kunja kwa dothi kuti kasanyowe. Munda wa kumtunda ndi dimba musaphatikize. Amene mwatumiza kale m'matumba a feteleza, onanani ndi alangizi a m'dera lanu mutengenso lina mvula isanagwe.