Mmene ndinachotsera oyilo m'thabwa la mfuti yakale

Mfuti yanga yosakira mbalame ndi ya mipope iwiri yogundizana, yopangidwa ku Birmingham, ku England, motsatira luso la mu 1875 la amisiri a mfuti Anson ndi Deeley. Thabwa lake la mtengo wa walnut linali litada bii pomwe limakumana ndi chitsulo. Eni ake akale ankaiimika mipope italoza kumwamba, oyilo n'kumatsikira m'thabwamo mpaka kulifewetsa.

Nditalimasula, ndinasakaniza ufa wa choko ndi acetone, mankhwala amadzimadzi osungunula mafuta, n'kumata phalalo pamalo akudawo. Likamauma linkayamwa oyilo n'kusanduka lachikasu. Ndinkalipukuta n'kumatanso lina, kwa milungu itatu. Sandipepa sindinamugwiritse ntchito ngakhale pang'ono, chifukwa amafufuta timizere ta pathabwapo tomwe mmisiri anagoba ndi manja, ndipo zimenezo zimandipweteka mtima. Kenako ndinapaka mafuta otetezera matabwa a linseed, timadontho tochepa, n'kumatikita ndi chikhatho.

Tsopano mfutiyo ndimaisunga mipope italoza pansi.