Lekani kumeta galu wa ubweya wokhakhala

Chilimwe chino ndakumana ndi agalu angapo ometedwa mpala, onse a ubweya wouma wokhakhala uja, wonga waya. Eni ake akuti akuwapepuza ku kutentha. Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati ife, amadziziziritsa popuma wefuwefu, lilime lili panja. Mukamumeta mwangomuvula pa dzuwa.

Ubweya wotere si matenda. Ku Belgium kuli galu woweta nkhosa wotchedwa Laekenois, dzina lochokera ku Laeken, dera la mu Brussels komwe kuli nyumba yachifumu. Mfumukazi Marie Henriette ankawakonda. Ndi m'bale wa Malinois, Tervueren ndi Groenendael, agalu amene anayamba kusanjidwa m'magulu mu 1891 motsogozedwa ndi Adolphe Reul wa pa sukulu ya madokotala a ziweto ya Cureghem. Pa anayiwo, wosowa kwambiri ndi iyeyu. Ubweya wake ndi wofiirira, wa masentimita pafupifupi 6, wosokonekera ngati sunapesedwe, kukamwa kuli kakuda ndi tindevu. Ankalondera nkhosa ndi nsalu zoyanikidwa m'minda ya ku Flanders, chigawo cha dziko la Belgium, mvula ndi mphepo zikumupeza panja. Ubweya wouma wapamwamba umatchinga, wofewa wapansi umasunga thupi.

Agalu athu a ubweya wokhakhala si Laekenois, koma ubweyawo umagwira ntchito yomweyo.

Mwezi watha bambo wina woweta mbuzi anandiitana. "Alangizi, galu wanga wagwidwa mphere." Nditafika ndinapeza galu atabisala pansi pa nkhokwe, msana uli psuu, khungu likusupuka, ntchentche zili ng'aa pa mabala a lezala. Mphere panalibe. Bamboyo anali atamupaka kale oilo wakuda wa galimoto, akuti ndi mmene ankachitira malemu bambo ake. Oilo ameneyu ndi poizoni, ndipo galu amadzinyambita! Tidzanena kangati? Masabata awiri galu sanatuluke ndi mbuzi, kenako ndalama ya mankhwala. Ndipo ubweya wometedwa umaphuka wofewa, wotuwa, wonyowa msanga, nthawi zina wa zigamba.

Chochita n'chochepa. Mupeseni kamodzi pa sabata mpaka chipeso chifike pakhungu, mukuyang'ana nkhupakupa ndi utitiri m'makutu ndi pakati pa zala. Kawiri pa chaka zulani ndi zala ubweya wakufa, umachoka wokha osamupweteka. Mthunzi ndi madzi zisasowe masana. Ngati akudzikanda mpaka kusosoka, itanani a zaziweto musanagwire lezala.