Spring ikakana kuona kalasi ya web service: mmene mungapezere jar yolakwa

M'mwezi wa Januwale, mvula ikamagwa usana ndi usiku kuno ku Mulanje, tiyi amaphuka kwambiri ndipo masikelo sapuma. Nthawi imeneyo ndi imene kapulogalamu kathu kolemba makilogalamu a masamba a alimi ang'onoang'ono kanasankha kutichititsa manyazi. Pa laputopu yanga ku Chitakale kankayenda bwinobwino, koma titakaika pa seva kanakana kudzuka. Kanalembedwa mu Java: Spring ndi imene imalumikiza zigawo zake, ndipo Apache CXF imatumiza manambala ku web service ya SOAP ya kufakitale, khomo limene kompyuta ya kumeneko imalandirira mauthenga. Ndinatha masiku awiri ndikungoponya ma jar (mafayilo osungamo makalasi, tizigawo ta khodi ya Java) mu foda ya lib, ngati munthu wothira mchere m'ndiwo asanalawe. Inu musatero.

Yambani ndi kuwerenga uthenga wa vutolo mpaka pansi, pa "Caused by" womaliza. Spring imakulunga vuto lenileni mu BeanCreationException, choncho mzere woyamba umangoti bean (chigawo cha pulogalamu chimene Spring imapanga) yakanika, sunena chifukwa. Pansipo mukapeza ClassNotFoundException kapena NoClassDefFoundError, ndiye kuti kalasi ikusowa, kapena ilipo koma class loader (gawo la Java lokweza makalasi) amene akuifuna sakuiona. NoSuchMethodError imatanthauza kuti jar ilipo koma ndi ya m'badwo wina. Zovuta kumvetsa ndi LinkageError komanso ClassCastException yonena kuti kalasi singasandutsidwe kukhala kalasi ya dzina lomwelo. Poyamba munthu umayesa kompyuta yapenga.

Siinapenge. Kwa Java, kalasi imadziwika ndi zinthu ziwiri: dzina lake ndi class loader amene anaibweretsa. Ana awiri akhoza kukhala ndi dzina limodzi, wina wa ku Limbuli wina wa ku Luchenza, koma malume awo ndi osiyana, ndipo pa milandu ya banja wina sangaimire mnzake. Mukaona uthenga wotere, dziwani kuti kalasi imodzi yalowa kawiri kudzera m'makomo awiri.

Musanasinthe kalikonse, onani ngati zida zanu zili za m'badwo umodzi. Java 11, yomwe inatuluka mu 2018, inachotsa JAX-WS ndi JAXB (zida za SOAP ndi XML), ndiye pulogalamu yomwe inkayenda pa Java 8 imayamba kusowa javax.xml.bind ndi javax.xml.ws mpaka mutaziwonjezera nokha mu pom.xml, fayilo imene Maven, chida chomangira pulogalamu, imawerengamo ma jar ofunika. Kenaka mu 2020 Jakarta EE 9 inasintha maina kuchoka ku javax kupita ku jakarta. Spring 6 ndi Spring Boot 3 za mu 2022 zimafuna Java 17 ndi maina a jakarta, ndipo zimayendera limodzi ndi CXF 4 ndi seva ya Tomcat 10. Spring 5, CXF 3 ndi Tomcat 9 ndi za mbali ya javax. Mukasakaniza mbali ziwirizi palibe jar imene ingakupulumutseni. Pali msamphanso: jakarta.xml.bind-api 2.3.3, ngakhale dzina lake lili choncho, mkati mwake muli makalasi a javax. Maina a jakarta amayambira pa 3.0. Kumbukiraninso kuti API payokha ndi chigoba chabe, imafuna jaxb-runtime yoti igwire ntchito yeniyeniyo.

Mibadwo ikagwirizana, lembani lamulo la Maven la mvn dependency:tree -Dverbose ndipo mufufuze jar imene ikuoneka kawiri ndi manambala osiyana. Yosafunikayo itsekeni ndi exclusion. Imene seva ili nayo kale, monga servlet API, ipatseni scope ya provided kuti isalowe mu war, fayilo ya pulogalamu yonse imene mumaika pa seva.

Koma Maven imangodziwa zomwe mwalongedza inu, za pa seva sizidziwa. Apa ndi pamene ine ndinachedwera, ndipo ndi pamene muyenera kufunsa JVM yeniyeniyo, injini imene imayendetsa Java. Yatsani seva ndi -verbose:class, kapena -Xlog:class+load=info ngati muli pa Java 9 kupita m'tsogolo. Idzalemba kalasi iliyonse imene yakweza ndi fayilo imene yachokera. Mizereyo ndi yambiri, ndiye isefeni ndi grep pa dzina la kalasi yovutayo. Kwa ife inatuluka kawiri: kamodzi kuchokera mu WEB-INF/lib yathu, kachiwiri kuchokera mu lib ya Tomcat, momwe munthu wina anasiyamo ma jar akale a CXF zaka zapitazo. Tomcat imayamba kuyang'ana mu WEB-INF/classes ndi WEB-INF/lib isanapite ku lib yake, mosiyana ndi chizolowezi cha Java chofunsa kholo, class loader wa pamwamba, poyamba. Choncho theka la makalasi linkachokera kuno, theka uko. Tinachotsa akale aja, n'kusiya zonse mu war. Mukhoza kutembenuza dongosololi poika delegate="true" pa Loader mu context.xml, koma ine ndimaona kuti kumeneko n'kubisa zinyalala kunsi kwa mphasa. Pa seva ina ya WildFly, yomwe imabwera ndi CXF yakeyake, mumaletsa gawo la webservices mu jboss-deployment-structure.xml ngati mukufuna kugwiritsa ntchito yanu.

Pali mavuto awiri amene amaoneka ngati matsenga. Loyamba ndi la Spring Boot DevTools, yomwe imagwiritsa ntchito ma class loader awiri kuti pulogalamu izidzukanso msanga mukasintha khodi. ClassCastException ikamabwera pa laputopu pokha, ichotseni kaye muone. Lachiwiri limabwera mukaitana web service mkati mwa CompletableFuture kapena parallel stream. Kuyambira Java 9, ma thread (antchito oyendetsa khodi nthawi imodzi) a ForkJoinPool ya onse, imene ziwirizi zimagwiritsa ntchito, amatenga system class loader, yemwe saona ma jar a mkati mwa pulogalamu ya Spring Boot. JAXB imafufuza makalasi ake kudzera mwa context class loader wa thread, ndiye imabwerako chimanjamanja. Mankhwala ake ndi kupereka executor yanu, monga ThreadPoolTaskExecutor ya Spring, kapena kupanga JAXBContext kamodzi pulogalamu ikamadzuka n'kuisunga ngati bean.

Nthawi zina makalasi onse amapezeka koma chinthu cha @Autowired, chimene Spring imayenera kuikamo yokha, mu endpoint (kalasi yolandira mauthenga a web service) chimakhala null, mulibe kanthu. Limenelo si vuto la class loader ayi: endpoint yapangidwa ndi seva, Spring siikuidziwa. Ilengezeni ngati bean, kenaka muipereke ku EndpointImpl ya CXF pamodzi ndi Bus musanaitane publish.

Mukamaliza, zimitsani Tomcat, fufutani foda yakale ya pulogalamuyo mu webapps ndi zomwe zili mu work, ndiye muike war yatsopano. Ngati seva ili kumunda komwe netiweki imabwera mwa apo ndi apo, thamangitsani mvn dependency:go-offline mukadali pa boma, kuti mukafika kumeneko muzingomanga ndi mvn -o package.